Njere za Thonje za Che Abeid

Ku Meluluca kunalibe munthu wokayikira anzake ngati Che Abeid, mmisiri woomba nsalu. Ukawapatsa moni, ankayamba aganiza kuti wakutuma ndani. Komabe sindiwanena kwambiri, poti nthawiyo inali yoipa. Apwitikizi ankatilimitsa thonje mokakamiza, ndipo lonse linkayenera kupita ku sikelo yawo. Wopezeka nalo pakhomo ankamenyedwa m'manja ndi mbalamatodya, thabwa la zibowo lija, mpaka zikhatho kuphulika. Nanga mmisiri wopanda manja n'chiyani?

Ngakhale zinali choncho, amuna angapo ankakumana mumpanda mwa Che Abeid kupota ulusi. Aliyense ankabwera ndi kathonje kobisa pansi pa usipa m'dengu. Ankachotsa njere, kupota, Che Abeid n'kuomba. Nsaluzo zinali zokhuthala, zosang'ambika wamba, ndipo Asilamu ndi Akhristu omwe ankaikira maliro awo m'nsalu zomwezo.

Vuto linali njere. Mmodzi wa amunawo, a Barnaba, msodzi wa kumpingo wa Angilikani, anapempha kuti azikazitaya pakati pa nyanja.

"Iyayi," anakana Che Abeid. "Mutuluke nazo pano, mukazionetse kwa patarau, bwana wachipwitikizi uja? Ndisunga ndekha."

Anakazikwirira kuseri kwa mpanda, m'kakhwawa, ndipo sanapondekonso, kuopa kuti mapazi awo angalondoledwe. Nzeru zimenezo!

Mvula itagwa, mayi a pakhomopo, a Shemsa, anayamba kuona a Barnaba akuzungulira kuseriko m'mawa uliwonse, atawerama. Che Abeid atamva, mtima unawira. Mwana wa a Barnaba ankachapa zovala kwa kapitawo wa thonje, ndiye panafunikanso umboni wanji? Anawadikirira pa ngodya ya mpanda.

"Mthirakuwiri iwe! Ukununkhiza chiyani kuno?"

"Che Abeid, tamverani kaye, kuseri kuno..."

"Choka! Ndikadzakuonanso ndidzakuswa miyendo."

A Barnaba anali munthu wofatsa koma wosunga mkwiyo. Anachoka osatembenuka, ndipo kumpanda kuja sanabwerenso.

Patapita milungu, asipayi awiri, apolisi a Apwitikizi, anatsika ndi kakhwawa kaja pofuna njira yachidule ya kudooko. Anapeza thonje litamera thithithi, lofika m'mawondo, pamalo pomwe sipanalembedwe munda wa munthu. Chimene a Barnaba ankachita m'mawa monse muja chinali kuzula mbande zisanakule. Anthu tinamva chisoni, komanso tinapsa mtima, chifukwa tsokali mkuluyu anadziitanira yekha.

Asipayiwo anagwira Che Abeid n'kupita nawo ku Metangula. Pobwera, manja anali atatupa ngati maungu, ndipo atapola zala zinatsala zokhota. Ulusi unkawapulumuka, ngakhale mkanda wopempherera wa tasibihi sankaugwira bwino.

Woyamba kubwerera mumpanda muja anali a Barnaba. Sananene za kale. Anakhala pa choombera, Che Abeid akuwalangiza ndi pakamwa pokha, ndipo anawaombera nsalu zaka zonse zotsala za moyo wawo.

Tsiku lina mkuluyu, atadwala kale, anaitana akazi awo pafupi. A Barnaba anali panja pomwepo, akuomba sanda yoti adzawaikiremo.

"Shemsa," ananong'ona, "njira zonsezi, asipayi aja anawauza ndani kuti adzere m'khwawa?"