Tsiku limene kayaki inakana a Kaputeni

A Kaputeni si kaputeni ayi. Dzinalo anawapatsa ndi alendo obwera kudzapalasa makayaki padamu la kuhotela, timabwato tija topyapyala ngati khoko la nyemba. Ntchito yawo, zaka khumi ndi zinayi tsopano, ndi kuphunzitsa munthu kubwereramo kayaki ikamukhuthula. Kale ankaonetsa m'madzi momwemo. Koma mimba itayamba kutsogola, phunziro linasamukira pakapinga, ndipo jekete yoyandamitsa ankangoikoleka, poti zipi inakana kalekale.

Ndiye kunabwera bwana watsopano, mtsikana wa magalasi wosadziwa kuseka.

"Madala, ndikufuna ndione ndi maso angawa. Wolephera kudzipulumutsa sangandisungire alendo."

A Kaputeni anapalasa mpaka pakati pa damu, n'kudzigwetsa okha, khuvu! Nkhafi sanaitaye, kayaki anaitembenuza bwinobwino. Pokwera ndiye panagona nkhani. Anadzikoka cham'mbali, bwato linawatsata n'kuwavundikira. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu jekete inakwera mpaka m'makutu, kabudula akulowera kwake, alendo kumtunda mafoni ali m'mwamba.

Amene anakuwa ndi mlamu wawo, mayi wochapa majekete, yemwe zaka zonsezi wakhala akulimva phunzirolo uku akukwecha ndere.

"Alamu! Kumbuyo kwa bwato, osati m'mbali! Miyendo iyandame, menyani madzi, mugonerepo chafufumimba! Si mumatero inu?"

"Ndikudziwa!" anatero a Kaputeni, madzi akutuluka m'mphuno.

"Ndiye kwawani ngati buluzi! Matako ayambe kulowa, miyendo pambuyo!"

Anamvera, nanga akanatani? Analowamo, n'kuyamba kukapa madzi ndi manja, nkhope ili pansi ngati ataya singano. Alendo anawomba m'manja, koma maso onse anali pa mlamu uja.

Ntchito sinawathere a Kaputeni. Eni ake akuti bola ikanatha. Bwana anangolamula kuti m'mawa uliwonse, alendo asanadzuke, azigwa katatu n'kukwera katatu, ndipo wowerenga akhale mlamu yemweyo. Chiyambireni a Kaputeni salonjera kochapira. Amazungulira kuseri kwa khitchini ngati wakuba nkhuku.

Dzulo m'mawa ndinadutsa kudamu kuja. Ndinawapeza atakangamira kumbuyo kwa bwato, akupumira m'mwamba.

"Katatu aka, mlamu," anatero motsitsa mawu.

"Kawiri. Koyamba kaja munaponda pansi, ndinakuonani," anayankha mayi wa majekete uja ali kumtunda.

A Kaputeni anayang'ana uku ndi uku, n'kudzigwetsanso.