Kagalasi ka Magazi a Nkhunzi

Mwamuna wanga ankasamala ng'ombe pa famu ina ya fodya kufupi ndi Mvurwi, ine ndinkasankha fodya m'shedi. Pa komboni ponse panalibe wodziwa magazi ngati iye. Tsiku la dibi ankakoka chikope cha ng'ombe iliyonse. Chikafiira, ipite. Chikayera, bwana ankaiboola khutu, kupaka kadontho ka magazi pa kagalasi, n'kuthamangira nako ku Harare tsiku lomwelo kuti akapime.

Chaka china ndidapita ku maliro ku Dande ndi mwana wathu wamkazi wa zaka zinayi, ndipo tidabwerako ndi malungo. Ine adandisiya, mwanayo ayi. Mapiritsi owawa a kolorokwini adatha thupi likutenthabe. Lachisanu m'mawa mkodzo wake udada ngati tiyi wopanda mkaka.

Bambo ake adamugoneka pamiyendo namukoka chikope monga ankachitira ku dibi.

"Amayi ake, bwerani muone," adatero. "Ropa lapera. Mwanayu alibe magazi."

M'chikopemo mudali mbee!

Tidathamangira ku nyumba ya bwana, mwana ali kumsana. Galimoto idalipo, injini ikulira, kumbuyo kulibe kanthu. Nkhunzi ya bwana nayo idali itayera chikope, ndiye kagalasi kake kankapita ku Harare, pa msewu womwewo wodutsa pafupi ndi chipatala. Foromani adatitsekera pa geti.

"Mzungu ati ali pachangu, amai. Mirirani, dikirani thirakitala yamawa."

Mawa! Galimoto yonse ija idanyamula kagalasi kosaposa chala changa, kokutidwa bwino m'pepala, ife n'kutsala tikumeza fumbi. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwira. Sitidapemphe mpando ayi, kumbuyo komwe ankakwezako agalu kukadatikwanira.

Tidayenda wapansi, tikulandirana mwana, mpaka lole ina idatitola dzuwa litapendeka. Ku chipatala anamwino adachita zonse zomwe akadatha. Mmodzi wa iwo, mayi wachikulire wa kwathu ku Dedza, adandiitana kuti ndisuzumire m'makina owonera tizilombo. Adati kachilombo ka malungo kakakhala mu udzudzu kapena m'chiwindi kamadzipangira kokha chinthu chija chimene chimafiiritsa magazi, koma kakalowa m'magazi mwa munthu kamangodya zathu, n'kusiya zinyenyeswazi zakuda. Ndidaziona ndi maso angawa, timadontho takuda m'magazi a mwana wanga. Ndidati m'mtima, khalidwe limenelo ndikulidziwa, ndakulira pa famu ine.

Adatenga magazi a bambo ake kuti amuwonjezere, koma tidali titachedwa. Mwana adatisiya Loweruka masana. Tidamuika kumanda a pa famu, kuseri kwa mabani a fodya, ndipo bwana adatumiza matabwa a bokosi. Anthu adati ndipite ndikathokoze. Ndidakana, ndipo sindidapite.

Sabata yotsatira mwamuna wanga adabwerera ku dibi, pakuti wosagwira ntchito pa komboni sakhala. Nkhunzi idali italandira jakisoni wake pa nthawi yake. Bwana adafika akumwetulira, nati aikoke chikope aone. Adaikoka ndi zala zomwe zija.

"Chafiira, bwana," adatero.

Adandiuza zimenezi atakhala pa khomo, akuyang'ana zala zakezo. Adagwirabe ntchitoyo zaka zambiri, koma ana athu ena atatu akadwala ankati, "Amayi ake, muoneni ndinu," iye n'kutuluka panja.