Mfuti Yofuna Maso

Ndinalowa upolisi ndikudziyesa katswiri wa mfuti. Anandiphunzitsa ndi atsibweni anga, alongo awo a mayi, kwathu ku Ulongwe. Iwo anali ndi gogodela, mfuti yachikale yothira onga kukamwa, ndipo nguluwe zodya chinangwa zinkawadziwa bwino. Anali ndi diso limodzi. Linalo linapita ndi mfuti yomweyo, tsiku limene onga unabwerera kumaso. Choncho phunziro lawo linali limodzi: lozetsa bwino, tembenuza nkhope, tsinzina, kenako khethemula. Ndikaiwala ankandikoka khutu mpaka misozi.

Nkhondo ya azungu itatha ndinali wapolisi pa boma la Kasupe, nditangokwatira kumene m'mudzi wina kufupi ndi Balaka. Mkazi wanga anali woyembekezera. Ndiye kunabwera mawu akuti ena a ife atumizidwa kumpoto, koma pa siteshoni ya sitima ku Balaka pakufunika wapolisi mmodzi woyenda ndi pisitoli, kamfuti ka m'chiuno, ndipo malowo apatsidwa kwa wopambana pa mpikisano wowombera. Akuchikazi sanabise mawu. Anati mwana wawo sachoka pamudzi ali ndi pakati, ndipo mkamwini wosaoneka pakhomo samuwerengera. Ndinadziwa kuti ndikapita kumpoto banja latha.

Mpikisanowo unali wothamanga pang'ono, kuima, n'kuwombera ndi pisitoli matabwa oimikidwa patsinde pa phiri, wezulo wachiwiri asanalire. Ndinati zazing'ono izi. Koma tsiku loyamba kuyeserera, zipolopolo zanga zonse zinakafukula fumbi, matabwa ali chiimire osakhudzidwa n'komwe. Anzanga anaseka mpaka kugwira nthiti. Wina anati boma lindipatse khasu, popeza kulima ndikukutha.

Amene sanaseke anali asajeni athu, Myao wa ku Nsanama, munthu wamfupi amene anamenya nkhondo kutsidya kwa nyanja ndipo sankakonda kukuwa. Ena onse ankayang'ana matabwa, koma iwo anaima pambali n'kumayang'ana nkhope yanga.

"Iwe, mfuti ikamalira umakhala ukupenya chiyani?" anandifunsa.

"Thabwa, asajeni."

"Iyayi. Umapenya phewa lako, maso ali tsinzi. Anakuphunzitsa ndani?"

Ndinawauza za atsibweni ndi diso lawo. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Akuluwo anakusungira maso, uziwathokoza. Koma iyi silavula kumbuyo. Iyi imafuna uione mpaka imalize kulankhula."

Kuyambira tsiku limenelo ankanditenga masana, anzathu akupuma. Njira yawo inali yosautsa. Ankatembenuka, n'kuika zipolopolo m'mabowo a pisitoli ine osaona, mabowo ena n'kuwasiya opanda kanthu. Ine ndilozetse, ndikhethemule, mfuti ingoti khe, osalira, koma nkhope yanga ili kale kuphewa. Manyazi ake! Palibe phokoso, palibe utsi, munthu wamkulu ndi ndevu zake akuthawa mfuti yopanda kanthu. Ndinkapsa mtima kwambiri. Tsiku lina ndinawauza kuti andipatse ndiike ndekha, asandiseweretse ngati mwana. Iwo anangoti, "Ukaika wekha, khosi lako lidziwa nthawi yothawa," n'kutembenukanso.

Mfuti ikalira ankandifunsa chinthu chimodzi: "Waona chiyani?" Sankafuna kumva za thabwa. Ankafuna ndinene mmene kansonga ka kumphuno kwa mfuti kadumphira, kaya kumanja kaya kumanzere. Masiku ambiri sindinkaona kanthu, ndipo kunama sikunkatheka, pakuti maso awo anali pa ine.

Chimene chimandikhudza mpaka lero n'chakuti unali mwezi wawo wosala kudya, popeza anali Msilamu. Dzuwa la ku Kasupe likuswa mtengo, ine Mkatolika ndikumwa madzi m'chikho changa, iwo milomo ili gwa, osalawa ngakhale dontho, koma ataima nane pafumbi. Sindinali m'bale wawo. Nditawafunsa chifukwa chake anati anaona mabanja ambiri akutha amuna ali kutali, ndipo langa silinali loyenera kutha chifukwa cha khosi.

Masana ena ndinakhethemula, ndipo ndinaona moto. Kamoto kofiira kakutuluka kukamwa kwa mfuti, kansonga kakudumphira m'mwamba n'kubwerera pamalo pake. Ndinali nditawombera kuyambira ubwana, koma moto wa mfuti yanga ndinali ndisanauonepo. Ndinakuwa kuti, "Asajeni, ndauona!" Iwo anati, "Thabwa nalo lauona," ndipo n'zoona linali ndi bowo pakati.

Tsiku la mpikisano linafika. Wezulo atalira ndinathamanga, n'kuima, ndipo pa thabwa loyamba khosi linandiphonyetsa monga kale. Fumbi linakwera, ndipo ndinamva kuseka kumbuyo. Pamenepo ndinakumbukira mkazi wanga atakhala pakhonde, miyendo itatupa, ndipo ndinauza maso anga kuti ngati n'kupsa apse. Matabwa otsalawo ndinawaona onse, limodzilimodzi, moto ndi utsi womwe. Ndinapambana, ngakhale kusiyana kwake ndi wonditsatira kunali kochepa. Asajeni sanandigwire chanza pagulu. Anangodutsa pafupi n'kunong'ona kuti, "Kapereke moni ku Balaka."

Mwana anabadwa mvula itayamba, wamkazi, ine ndilipo. Mawa lake ndinapalasa njinga kupita ku Ulongwe kukauza atsibweni. Ndinawapeza akusema mpini pansi pa mtengo wa mango. Ndinawafotokozera zonse, za mwana, za Balaka, za asajeni, ndipo pomaliza ndinanena mwamantha kuti masiku ano ndikawombera sinditembenuzanso nkhope.

Anasiya kusema. Ndinaganiza kuti andikoka khutu ndi yunifolomu yanga yomwe. Koma anandigwira nkhope ndi manja awo okhakhala, n'kuiyandikitsa ku diso lawo limodzi lija. Anayang'ana diso langa lamanja nthawi yaitali, kenako lamanzere.

"Onse alipo?" anafunsa.

"Alipo, atsibweni."

"Ndiye ukutani kuno? Bwerera ukamuone mwanayo, umuonerenso ine mbali yomwe sindingathe."