Mphekesera za Mafoni ndi Mwana Wanga Tamanda

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene matalala anaboola fodya wathu yense ali m'munda. Bambo a Tamanda anali atatisiya kale, ndipo mwanayo anali mu Sitandade 4. Ndinapemphera sabata ziwiri, kenako ndinakamusiya kwa akulu anga, kuseri kwa phiri ukachoka pa Malomo. Ndinamuuza kuti, "Ndikupita kuti iwe usasiye sukulu. Lamulungu lililonse uzimva mawu anga." Anangogwira chitenje changa mpaka minibasi inadzaza.

Ntchito anandipezera ndi Esinati wa ku Nachisaka, amene tinadziwana pamsika wa Mponela tikugulitsa nyemba. Inali fakitale yaing'ono yopinda mabokosi a mafoni. Foni yeniyeniyo ife sitinkaiona. Kwathu kunali kupinda, kuikamo chaja, kutseka, bokosi lipite. Zaka zinayi zala zanga zinkanunkha guluu, koma ndimathokoza Mulungu chifukwa cha ntchito imeneyo. Tamanda sanasowe yunifolomu, ndipo nyumba ya akulu anga inafoleredwa ndi malata.

Kusungulumwa kokha ndiye musanene. Ndinkakhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya anthu amene chilankhulo chawo ndinkangotolamo moni. Kutchalitchi anzanga akamayimba, ine ndinkayimba Chichewa chamumtima. Tsiku langa linali Lamulungu masana, pamene akulu anga ankakwera pachulu pomwe netiweki imagwira, n'kumupatsa Tamanda foni. Mwanayo ankandiuza zonse, za mbuzi yoswa, za mphunzitsi wokalipa, ngakhale za dzino logwedera. Ndikadula foni ndinkakhala pakama mpaka dzuwa kupendeka, osafuna kumva mawu a munthu wina.

Chaka chachinayi kunabuka mphekesera. Akuti anthu padziko atopa kugula mafoni atsopano, aliyense wakakamira yakale. Akuti kampani yaikulu ya kutsidya kwa nyanja yauza onse oipangira zinthu kuti achepetse katundu. Panalibe amene anaona kalata yake, koma kapitawo wathu anayamba kuyenda maso ali pafoni, kuyang'ana timizere tofiira totsetsereka. Esinati anandimasulira kuti amenewo ndi masheya. Anthu olemera amene anaika ndalama zawo m'makampani otere anali akuzichotsa mothamanga, aliyense kuopa kutsala yekha.

"Nambewe, tiyeni tikafunse ntchito kochapa zovala kuja kusanadzaze," anatero tsiku lina tikudya buledi panja.

"Wakuuza ndani kuti pano patha?"

"Anthu akunena."

"Anthu ake ati? Esinati, ine povala bulauzi yoyera ya amayi a mpingo ndinalonjeza kuti sindidzayenda ndi miseche."

Anaseka mpaka buledi kumutsamwa. "Ee, mayi abusa! Eni ndalama akuthawa miseche yomweyo, inu mukuti muikane? Bulauziyo mudzaiphika?"

Esinati anapita kochapa. Ine ndinatsala, ndipo ndinkamupempherera kuti asiye kumvera zam'maluwa. Posakhalitsa ntchito ya Loweruka inatha. Kenako mabwana anati tizibwera masiku atatu pa sabata. M'mawa wina tinapeza geti lokhoma, kapitawo ali panja ngati ife tomwe. Anati oda yathu yadulidwa, ndipo amene ankathandiza fakitale ndi ndalama atuluka. Mpaka lero sindidziwa ngati anthu anasiyadi kugula mafoni. Chimene ndikudziwa n'chakuti mantha a anthu amene sindinawaonepo anandichotsa pa mpando wanga.

Nditapita kochapa ndinapeza kwadzaza. Ndinagulitsa foni yanga kuti asanditulutse m'kachipinda, n'kuyamba maganyu osesa ndi kulera khanda la eni nyumba. Apa ndi pamene ndinalakwa kwenikweni. Ndikanatha kubwereka foni ya Esinati, koma ndikanati chiyani? Kuti mayi uja anapita kukakonza tsogolo akusesa pakhomo pa eni ake? Ndinkati ndiyimba ndikapeza nkhani yabwino. Lamulungu lina linapita, linanso linapita, mpaka miyezi isanu ndi iwiri. Esinati ndi amene anandipeza nditaonda. Anandikalipira bwinobwino, n'kundigulira tikiti ya basi.

Nditatsika pa Mponela ndinaima kaye n'kuseka ndekha. Wakabaza foni, wokazinga chipisi foni, agogo ogulitsa mbatata foni kukhutu. Ndinati, Ambuye, nanga amene anatopa kugula aja ali kuti?

Kumudzi akulu anga anandikumbatira akulira, koma maso awo ankayang'ana kumbuyo kwanga ngati pali wina akubwera. Tamanda anatuluka atatalika kundiposa. Anagwada chapatali, monga timachitira ndi mlendo, n'kuwomba m'manja pang'ono.

"Takulandirani. Mwayenda bwanji?"

Anandibweretsera madzi akumwa, n'kukhala kumapeto kwa mphasa. Akulu anga atapita kukathamangitsa nkhuku, iye anafunsa maso ali pansi.

"Nanga mwana winayo mwamusiya ndi ndani?"

"Mwana uti?"

"Amene munabereka kumeneko."

Ndi pamene ndinamva. Munthu wina wobwerera kumudzi kuchokera ku Joni anandiona pamsewu nditabereka khanda la eni nyumba lija. Anafika nazo pa Malomo kuti Nambewe anakwatiwa, ali ndi banja latsopano, n'chifukwa chake anasiya kuyimba. Nkhani inayenda pachitsime, inafika ndi kutchalitchi, amayi anzanga n'kumandipempherera ngati wotayika. Akulu anga anandiuza pambuyo pake kuti Tamanda ankakana. Miyezi itatu ankakwerabe pachulu yekha Lamulungu lililonse, foni ili m'manja. Kenako tsiku lina anaibweza, nati asadzamupatsenso.

Ndinamuuza zonse, za geti lokhoma, za foni yogulitsidwa, za manyazi anga. Sanalire. Anangoti, "Mukanangoyimba n'kunena kuti ntchito yatha. Ine sindimadikira ndalama."

Mawu amenewo anandilasa kuposa kuchotsedwa ntchito. Ine ndinkadziona woyera chifukwa chokana miseche ya kufakitale, pamene mwana wanga ndinamusiya yekha pakati pa miseche, wopanda liwu langa loti agwire. Kwathu kuno ndinapeza kuti munthu akakhala chete, ena amamuyankhulira.

Tsopano patha miyezi inayi. Ndikulima soya pamunda wa malemu amayi, ndipo Lachinayi ndimapita kumapemphero, komwe ena akundiyang'anabe m'mbali. Tamanda ali Fomu 1. Amandipatsa ulemu wonse, ulemu wozizira uja wopatsa alendo, ndipo ine sindimukakamiza. Ndimangopempha Mulungu andipatse kupirira kumene iye anali nako.

Dzulo, sukulu atatsekera, ndinali pakhonde ndikusankha nyemba. Tamanda anabwera ndi chipeso, n'kukhala pansi pakati pa miyendo yanga, msana wake utatsamira maondo anga. Ndinayamba kumuluka tsitsi, koma mzere woyamba unakhota.

"Musakoke kwambiri, amayi," anatero. "Mutu wanga ndi wanthete."