Che Abbasi ndi Zitsulo za Pamlatho

Che Abbasi anafika ku Mkanda ali mnyamata, atasenza mvukuto ndi nyundo za malume awo, ndipo imvi zinawamerera komweko. Ankasula nkhwangwa, masompho ndi mipeni. Dzanja lawo linkadziwa lamulo limodzi: chitsulo chikachoka pamoto chili psuu, chilowe m'madzi. Ndimo nkhwangwa imalimbira, ndipo zawo sizinkabuntha msanga. Zimenezo palibe angatsutse.

Chaka chomwe njanji inkayandikira ku Boma, anthu anagwirizana zomanga kamlatho pamtsinje umene unkatsekera a tsidya lina njira ya kuchipatala mvula ikagwa. Analandira simenti ndi ndodo zachitsulo za mizeremizere, zija zoika m'kati mwa simenti, zongokwanira ndendende. Womanga anali a Vitus, mnzawo wa Che Abbasi wa pabawo. Che Abbasi anadzipereka kupinda nsonga za ndodozo kuti zikhale ngowe, chifukwa mwana wawo Zuhra anakwatiwa tsidya linalo, anali woyembekezera, ndipo masiku ake ankagwera pakati pa dzinja.

Anagwira monga mwa nthawi zonse: pamoto, panyundo, m'madzi.

Tsiku lonyamula, ndodo imodzi inapulumuka pangolo n'kugwera pamwala. Ngowe inangoti thyo, ngati chinangwa chouma.

"Che Abbasi, kodi mwatiphikira masikono?" anaseka a Vitus.

"Manja anu aphalawo ndi amene... taimani."

Che Abbasi anatola chidutswacho n'kuchiyang'anitsa padzuwa. Pothyokapo panali poyera, timibulu ting'onoting'ono tikunyezimira ngati mchere. Anatenga kachidutswa kena kamene sikanalaweko moto, n'kukamenya. Kanapindika, kanapindikanso, kukana kuthyoka. Pomwe kanadzang'ambika, m'kati mwake munali motuwa, mwa ulusiulusi ngati nzimbe yotafunidwa.

Anakhala pansi. Munthu amene anakalambira pachipala anagwira tizidutswa tiwirito ngati mazira.

"Achimwene, taonani. Chitsulo n'chimodzi, mitima iwiri. Madzi okha ndi amene asintha m'katimu, momwe nyundo yanga sinafikemo. Wachilenga chinthuchi ndi wamkulu."

"Wamkulu inde," anatero a Vitus, kuseka kutatha, "koma a tcheyamani a chipani alengeza kale kuti mawa mudzi wonse uponda simenti."

"Akalengezenso."

"Mukudziwa zomwe mukunenazo, madala?"

"Pamlathopo padzadutsa mwana wanga."

Masiku amenewo kubweza tsiku lolengezedwa ndi a chipani sikunali kocheza. Che Abbasi anapita okha kwa a tcheyamani, kofia ili kumutu, chitsulo chothyoka chili kumanja, ndipo anabwerako ndi nkhope yogwa koma tsiku litasunthidwa. Anabweza ngowe iliyonse pamoto, n'kuikwirira m'phulusa lotentha kuti izizire yokha pang'onopang'ono. Dzanja linkathamangira kumtsuko wa madzi mwachizolowezi, mpaka anachita kuutaya madziwo. Ngowe iliyonse anaiyesa ndi nyundo. A Vitus nawo anakwecha dzimbiri ndi mchenga, ndipo pothira simenti sanalole chitsulo kusuzumira kunja ngakhale pang'ono, ati dzimbiri likapeza polowera limadya mpaka kuphulitsa simenti.

Mvula inabwera yamphamvu. M'mawa wina uthenga unafika kuti Zuhra wayamba kudwala, ali pangolo. Che Abbasi sanakamuchingamire. Anatsikira kunsi kwa mlatho, madzi ofiira ali m'chiuno, n'kugwiriza zikhato zawo kusimenti ya pamwamba pa mutu wawo.

"Tulukaniko uko, mwapenga?" anakuwa a Vitus ali pagombe.

"Mlathowu ukagwa, uyambe ine!"

Anamva ziboda za ng'ombe, kenako mateyala, kenako kubuula kwa mwana wawo pamwamba penipeni pa mutu wawo. Simenti inanjenjemera pang'ono m'zikhato zawo, ngati chifuwa cha munthu wopuma, n'kukhala bata.

Ngolo inakwera mtunda, kulunjika kuchipatala. Iwo anatsala chiimire m'madzimo, manja ali m'mwamba, milomo ikutchula dzina la Allah, mpaka a Vitus anachita kutsika n'kuwakoka malaya.