Chithunzi cha pa Ambulansi

Chimene sichichoka m'makutu mwanga ndi kulira kwa teyala la ngolo ya a Kamphale. Linkalira kwii, kwii, ngoloyo ikamatsika phiri kupita kuchipatala ku Malomo, ndipo tonse tinkadziwa kuti mwagona wodwala. Mayi anga anakwera ngolo imeneyo ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, sanabwerenso. Bambo sindinawadziwe. Anandilera ndi agogo anga, a Nambewe.

Chisankho cha zipani zambiri chitangotha, feteleza anakwera mtengo, fodya wathu n'kugulidwa ngati zinyalala. Tsiku lina tikusoka fodya m'chigafa, ngolo ija inadutsa. Itapitirira ndinawauza agogo kuti ndikupita ku Joni.

"Pita," anatero osadzutsa mutu. "Koma uzilemba makalata. Pakamwa pako mpolemera, mwina cholembera chidzakuyankhulira."

Ku Joni ndinagwira ntchito ya m'maluwa zaka ziwiri, ndikugona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Lamlungu lathunthu linkatha osayankhula ndi munthu. Ndalama ndinkapatsira dalaivala wina wa thiraki wa ku Mponela, zina zinkafika, zina ayi. Zotsala ndinasunga mpaka zinakwana kulipira maphunziro a othandiza odwala mu ambulansi. Ndinkafuna ntchito yothamangira wodwala mpweya usanathe.

Tsiku loyamba anatipatsa pepala la malamulo kuti tisayine. Osachedwa, osabwera utamwa mowa, osaulula za wodwala kwa aliyense, osam'gwira popanda wokuyang'anira. Osajambulitsa utavala yunifolomu ngati kuti wamaliza kale. Ukajomba masiku atatu wachotsedwa, ndalama zako zapita, pokhapokha ngati wadwala kapena wamwalira ndi kholo lako, mkazi wako kapena mwana wako. Panalinso lamulo loti pafomu usaname. Pamene panafunsa za makolo ndinalemba zoona: onse anamwalira.

Malamulo onsewo ndinawasunga, kupatula limodzi. Masana ena ambulansi ikutsukidwa, panadutsa wojambula zithunzi. Ndinam'kodola, ndinakonza kolala, n'kuika dzanja pachitseko cha galimotoyo. Kuseri kwa chithunzicho ndinalemba kuti, "Agogo, ntchito yanga tsopano ndi iyi." Sindinalembe kuti ndinali wophunzira chabe, kapena kuti galimotoyo si yanga. Ndinkangofuna kuti akhale ndi choonetsa anzawo kutchalitchi.

Kutatsala milungu itatu kuti tilembe mayeso omaliza, kunabwera kalata ya mayi aang'ono, mng'ono wa mayi anga. "Agogo ako chifuwa chawagwira, akupuma movutika. Akukufunsa." Ndinapita nayo kwa mphunzitsi wathu, mayi wachikulire wosakonda kukalipa. Anatsegula fomu yanga.

"Apa unalemba kuti makolo ako anamwalira."

"Awa ndi amene anandilera, mayi."

"Ndikumva, mwananga. Koma lamulo silitchula agogo. Ukapita, malo ako apita."

Ndinawathokoza, taganizani, ndinawathokoza! Ndinatuluka n'kudziuza kuti milungu itatu si yambiri. Ndinalemba kalata yoti ndikubwera posachedwa. Mayeso ndinakhoza bwino. Chidole chophunzirira ndinachipopa pachifuwa mpaka woyesa anagwedeza mutu.

Setifiketi imeneyo lero ili pansi pa sutikesi. Nditaionetsa ku boma kuno, kalaliki anaitembenuza kawiri n'kundiuza kuti pa ambulansi amangofuna dalaivala, kodi laisensi ndili nayo? Ndikulimanso fodya m'munda womwe uja. Koma izi n'zam'mbuyo mwake.

Ndinatsika minibasi pa Malomo ndi bulangete latsopano la agogo, n'kukwera phiri wapansi. Pakhomo ndinapeza chitseko chomangidwa ndi luzi. Mayi aang'ono anatuluka m'nyumba mwawo, anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Afika adokotala," anatero. "Mwachedwa pang'ono. Tinaika sabata yatha."

Palibe amene anandikalipira. Ankandipatsa moni mwaulemu, kunditchula kuti adokotala, ine n'kumva ngati akundilavulira. Ndinkaganiza kuti mlandu wanga ndi kuchedwa basi, ndipo mumtima ndinali ndi yankho: lamulo linandimanga, si ine ndinalilemba.

Tsiku lachitatu masana a Kamphale anabwera wapansi. Anakana mpando, anakhala pamwala.

"Mphwanga, anthu akukubisira, koma ine ndikuuza," anatero. "Ngolo ndinabwera nayo pano katatu. Ng'ombe zomanga kale, mphasa yoyala kale. Agogo ako anakana."

"Chifukwa chiyani?"

"Ankati, 'Kamphale, bwerera nayo ngolo yakoyo, inanditengera kale mwana. Mdzukulu wanga walemba kuti akubwera, abwera ndi galimoto yake ya odwala.' Ndinati, mayi, Joni ndi kutali. Iwo akuti, 'Sunaione galimotoyo? Ili ndi nyali pamwamba.' Mudzi wonse unaiona, mphwanga. Ankayenda nacho chithunzicho mpaka kudimba."

Ndinkayang'ana luzi la pachitseko lija.

"Ulendo wachinayi sanathenso kukana. Tinawanyamula ali chikomokere. Mpweya unathera pamtsinje, denga la chipatala tikuliona. Adokotala enieni anati tikanabwera nawo ulendo woyamba uja, bwenzi zili zina."

Anaimirira, napisa dzanja m'thumba la jekete, natulutsa chithunzi chija. Chinali chitapindika pakati, m'mbali mwake mutada ndi zala. Ine ndili chiimire, kolala yowongoka, dzanja pachitseko cha galimoto ya eni ake.

"Chinali m'manja mwawo," anatero. "Ndinachita kufumbatula ndine. Tenga, n'chako."

Anachiika pabondo langa, napita osatsanzika.