Wisulo ya Ada Golden Kamanga

Kuno ku Chintheche kunali munthu amene ukakumana naye m'mawa unkayamba wawerenga kaye abale ako. Ndikunena Ada Golden Kamanga (Ada ndiye bambo m'Chitonga chathu), wolengeza maliro wa midzi yathu, kuyambira kumsika mpaka njira yolowera ku Bandawe.

Ntchitoyi sanachite kufunsira, anangobadwa ndi mawu aakulu basi. Sukulu analekezera sitandade 4, ndipo amene anali nawo amati aphunzitsi anachita kuwapempha kuti asiye, chifukwa iwo akamawerenga makalasi ena onse ankaima. Anayesako usodzi, anzawo n'kuwatsitsa m'bwato, ati akatsokomola usipa umabalalika. Ndiye mudzi unawapatsa wisulo. Munthu akamwalira, Ada Golden ankavala suti yakuda ndi tayi, pajatu Mtonga sanganene za imfa atavala ngati akukazula chinangwa, n'kumayenda m'mamawa akuliza wisulo ndi kutchula dzina la malemu. Amayi akangomva mawuwo ankayamba kulira asanadziwe n'komwe kuti wapita ndani. Dzinalo linkawapeza ali kale m'njira.

Ulemu anali nawo, koma wapatali. Pa ukwati wa mwana wawo Mavis, akuchimuna anapempha kuti bambo a mkwatibwi asalankhule, ndipo anakhaladi kutsogolo ngati chithunzi. Akazi awo, NyaLongwe, akawatuma kugolosale ankawauza kuti azingoloza ndi chala. Iwo ankaseka nawo, koma NyaLongwe anaululira mnzawo, mnzawoyo n'kuululira mudzi wonse, kuti usiku wa ukwatiwo bambowo sanadye.

Tsono kunali Abusa Harold Pennick, mzungu wa ku Mangalande, wamtali ngati mtengo wa magetsi. Anakalambira konkuno akugwira ntchito ndi abusa athu ndi aphunzitsi opuma, kukonza Mawu a Mulungu m'Chitonga chimene anthu akulankhula lero. Chitonga anachigonjetsa, koma kondowole anawagonjetsa iwo, mpaka lero amamudula ndi supuni. Ntchito itatha anaona kuti okalamba maso anatha, ndipo asodzi buku sangapite nalo panyanja. Anaganiza zojambula mawu kuti anthu azimvera pa foni ndi pa timawailesi toyendera dzuwa.

Tsiku lina anamva Ada Golden akunenerera matimati pamsika, iwo ali kutsidya kwa msewu, n'kunena kuti munthu wapezeka. A m'komiti ya ntchitoyi onse ankadziwa vuto lake, koma aliyense ankadikira kuti anene mnzake. Ada Golden anaphunzira ndime zawo pansi pa mtengo wa mango, NyaLongwe akuwawerengera, iwo akubwereza mpaka zitakhazikika m'mutu. Anajambula bwinobwino.

Abusa anafuna kuyesa ngati anthu wamba akumva. Anatenga sipika n'kupita nayo kuzithaphwi kumene amayi amaviika chinangwa, n'kuitsegula osachenjeza munthu. Mawu a Ada Golden atangotuluka, mipeni inagwa pansi. Amene anayamba kulira ndi Ama Lucy NyaManda, mtsogoleri wa amayi a mpingo, poti amuna awo anali atagonekedwa kuchipatala. Anadzigwetsa m'matope, anzawo n'kuwalandira kulirako. Pofika masana, ena anali atayamba kututa nkhuni ndi kusonkha ufa. Bambo wodwalayo anatsika minibasi mawa lake ali ndi tithumba ta mankhwala, n'kupeza azilamu ake akuyang'ana kale ukonde wake ndi maso a mwini.

Akulu a mpingo atakumana, Ama Lucy sanadikire kupatsidwa mpata.

"Abusa, mawu awa achotsedwe. Munthu ungamve bwanji uthenga wabwino mtima uli m'manja?"

"Koma Ama, uthenga wake munaumva?" anafunsa Abusa Pennick.

"Ndinamva Golden. Zinazo ndikanamva nthawi yanji, ndili m'matope?"

Ada Golden anaimirira, n'kukonza tayi, n'kulankhula motsitsa, kutanthauza kuti a panja okha ndi amene anavutika kumva.

"Ama NyaManda, paja amuna anu ndinawatchula dzina?"

"Simunawatchule, koma inu mumachita kufuna dzina?"

"Chabwino. Ada Abusa, musafufute kaye. Ndipatseni mpaka Pasaka. Zikakanika, ndidzabwerera kwa akufa anga, iwo sanandidandaulepo."

Lamulungu la Pasaka kutangoyera, wisulo inalira kumsika. Zitseko zinatseguka, zitenje zikumangidwa m'chiuno, kulira kunayambika nyumba ndi nyumba monga mwa masiku onse. Ada Golden ankabwera pakati pa njira, suti yomweyo, tayi yomweyo, koma dzina osatchula. Kumbuyo kwawo kunali Abusa Pennick ali pa kabaza, maondo ali m'makutu, atagwira makina ojambulira. Anthu anatsatira, poti Mtonga sangabwerere kukagona asanadziwe kuti maliro ali kwa yani. Pofika pa mtengo wa mkuyu wa pafupi ndi tchalitchi linali khamu.

Ama Lucy anadzipanikiza mpaka kutsogolo, misozi ili mbwee.

"Golden, tiuzeni, ndani?"

Ada Golden analiza wisulo komaliza. Anayamba ndendende monga amayambira maliro onse: dzina la malemu, la mayi ake, mudzi wa kwawo, tsiku limene anamwalira ndi kumene anamuika. Amayi ena anali akulirabe. Pamene amayenera kunena nthawi ya mwambo, anakweza mawu mpaka akhwangwala kuthawa mumkuyu, n'kunena ndime ija anaphunzira pansi pa mango, ya amayi amene analawirira kumanda n'kupeza mulibe munthu. Anamaliza ndi mawu awoawo, kuti nkhuni zibwerere, ufa ubwerere, maliro athetsedwa chifukwa mwini wake wadzuka.

Kenako winawake anaimba nthungululu yaitali, ndipo khamu lonse linaphulika. Anthu analowa m'tchalitchi akuvina, ena opanda nsapato, ena ndi chitenje cha kumaliro. Mtonga kulowa m'tchalitchi pa Pasaka asanasite zovala, zimenezo sizinaonekepo chiyambire. Abusa Pennick analalikira mwachidule kwambiri tsiku limenelo, ati ulaliki wachitika kale panja.

Mawu a Ada Golden sanachotsedwe. Chigawo cha kuuka chimene chili m'mafoni athu ndi chomwe chinajambulidwa pa mkuyu paja, atambala ndi kulira ndi zonse. Nthungululu yoyamba ija imamveka bwino kwambiri. Ama Lucy amakana kuti si yawo, ngakhale ana omwe amaizindikira.

Maliro akulengezabe, poti anthu sanasiye kufa. Koma masiku ano wisulo ikalira, amayi amayamba atcherako khutu asanamange chitenje. Mwezi wathawu mdzukulu wa Ama Lucy, Patience, anakwatiwa, ndipo amene anaitana anthu ku perekaniperekani ndi Ada Golden. Sipika imene eni ukwati anabwereka inabwerera isanagwiritsidwe ntchito, poti mawu a Ada Golden anakwana. NyaLongwe akuti bambowo anadya mbale ziwiri, n'kufunsanso ngati kwatsala nyama.